Kodi azimayi a kuno kwathu ankangophika basi? Yankho kwa mayi wa ku Area 25

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 konkuno ku Lilongwe, ndipo andilola kuyankha pagulu bola dzina lawo ndisalitchule. Mwachidule akuti mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, nde kusukulu amusankha kuti akalankhule pa 8 Malichi, tsiku la amayi pa dziko lonse, za azimayi amene anasintha zinthu m'mbiri. Mwanayo wamaliza bandulo akusaka pa Google koma mayina amene akutuluka ndi akunja okhaokha, mpaka anafika powafunsa kuti, "Amayi, kodi kuno ku Malawi azimayi ankangophika basi?" Nde mayiwa akufunsa ziwiri, kuti mwanayu amuuze za ndani, komanso ngati ndi bwino kuti akunjawo angowasiyiratu.

Achemwali, zikomo polemba, ndipo chonde mwanayo musamukalipire, si mwano umenewo. Wafunsa molingana ndi zimene waona. Kusukulu tikamaphunzira za ufulu wa dziko lino timamva Chilembwe, Kamuzu, Chipembere, Kanyama Chiume, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza, kenako belu lalira, phunziro latha. Nde mwana aganize chani? Ine maganizo anga ndi oti ayambire pafupi, pa zinthu zimene amazigwira ndi manja ake tsiku ndi tsiku, ndipo posankha mayina asamayang'ane kuti watchuka kwambiri ndani, aziyang'ana kuti munthuyo anasintha chani, nanga anataya chani pochita zimenezo.

Choyamba mumupatse K200, ija mumabwezeredwa pa tomato kapena pa kabaza, ayiyang'anitsitse. Nkhope ili pamenepoyo ndi ya Rose Chibambo, ndipo pa ndalama zathu zonse zapepala mayi ndi yekhayo. Mukayitembenuza kuseri kuli Nyumba ya Malamulo yathu ija ya ku City Centre. Ndalama imeneyi inatuluka mu 2012 ndipo yadutsa m'manja mwa aliyense, koma tafunsani mu minibasi ya ku 25 kuti mayi ameneyu anachita chani, ambiri angokuyang'anani.

Rose Chibambo anabadwa mu 1928 ku Kafukule m'boma la Mzimba. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ankakhala ku Zomba komwe amuna awo a Edwin Chibambo ankagwira ntchito m'boma, ndipo inali nthawi imene azungu ankakonza zophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, chija akuluakulu amachitcha chitaganya kapena feduleshoni, chomwe chinayamba mu 1953. Anthu akuda sankachifuna chifukwa ankadziwa kuti mphamvu zonse zipita kwa azungu a ku Salisbury, Harare wa lero. Misonkhano yokana inkachitika, koma omwe ankakhalamo anali azibambo. Mayi Chibambo ali ndi zaka za m'ma 20 chabe anaona kuti izi sizoona, dziko likugulitsidwa azimayi ali kumbuyo kwa nyumba, nde anayamba kuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa azimayi anzawo mpaka linabadwa gulu la amayi la chipani cha Nyasaland African Congress. Taganizani nthawi imeneyo, kulibe foni, kulibe gulupu ya WhatsApp, uthenga umayenda ndi miyendo, ndipo mayi woyimirira pagulu kulankhula zandale ankamuona ngati wosalangidwa.

Pa 3 Malichi 1959, tsiku lija timakumbukira anthu ofera dziko, boma la atsamunda linalengeza kuti zinthu zafika povuta ndipo linayamba kugwira atsogoleri a Congress. Mayi Chibambo anali ndi pakati potopa. Anawadikira abereke, ndipo patangopita masiku awiri chibadwire mwana anabwera kudzawatenga n'kukawatsekera kundende ya Zomba pamodzi ndi khandalo. Mwanayo anamutcha Gadi. Achemwali, inu munaberekapo, mukudziwa mmene thupi limakhalira tsiku lachiwiri, kuyenda komwe kumavuta, munthu umafuna madzi otentha, phala ndi wina wokuchapira matewera, nde wina akukukweza galimoto ya polisi mchombo wa mwana usanagwe n'komwe. Anakhalamo pafupifupi chaka. Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa nthawi zonse.

Ufulu utayandikira anakhala phungu wa ku Mzimba ndipo mu 1964 anali mayi woyamba kukhala pa udindo wa wachiwiri kwa nduna m'boma la Malawi. Koma sizinakhalitse. Mu Seputembala chaka chomwecho, miyezi iwiri yokha chilandirire ufulu, nduna zinasemphana ndi Kamuzu pa nkhani zingapo, kuphatikizapo tiki ija ankafuna kuti anthu azilipira kuchipatala komanso ubale ndi maboma a azungu a kumwera, ndipo mayi Chibambo anachotsedwa pamodzi ndi anzawowo. Anathawira ku Zambia, anakhalako zaka pafupifupi 30, anabwerera mu 1994. Nde onani, munthu anamangidwa ndi atsamunda chifukwa chofuna ufulu, ufuluwo utabwera n'kuthamangitsidwanso ndi boma limene anathandiza kulibweretsa. Anamwalira mu Januwale 2016 ndipo anaikidwa ku Mzuzu. Bola ulemu wa pa ndalamawu anawuona ndi maso awo akadali moyo.

Wachiwiri amene sindingalole kuti mwana wanu amusiye ndi Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'Malawi muno. Anabadwa mu 1932, ndipo iwo ndi amuna awo a Orton Chirwa anali m'gulu la amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959. Chisokonezo cha 1964 chija chinawagweranso, anathawira ku Tanzania, ndipo a Vera anaphunzira zamalamulo ku London, pambuyo pake n'kumaphunzitsa ku yunivesite ya Zambia. Pa 24 Disembala 1981, mawa lake kuli Khisimisi, anagwidwa chakumalire a Zambia ndi Malawi n'kubweretsedwa kuno. Mlandu wawo woukira boma sunapite kukhoti lalikulu ayi, unapita kubwalo la mafumu, komwe munthu sankaloledwa kukhala ndi loya womuyimira. Anthu awiri odziwa malamulo kuposa wina aliyense m'bwalomo, anagamulidwa kuti anyongedwe mu 1983. Maiko akunja atachita phokoso chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhani ya mayi ameneyu ndi choti kwa zaka zambiri mwamuna ndi mkazi anali m'ndende imodzi ya Zomba osaonana. Anadzaonana kamodzi mu Seputembala 1992 pamene maloya ochokera ku Britain analoledwa kukawayendera, ndipo mwezi wotsatira a Orton anamwalira m'ndende momwemo, akazi awo osaloledwa kupita kumaliro. A Vera anatuluka mu Januwale 1993. Munthu wina akanangopita kumudzi kukapuma, ndipo palibe akanamunena. Iwo anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba kudziwa ufulu wawo, ndipo pambuyo pake bungwe la ku Africa loona za ufulu wa anthu linawapatsa ntchito yoyendera ndende za m'maiko a mu Africa kuona mmene akaidi akukhalira. Munthu wodziwa kununkha kwa chitolokosi n'kubwereranso kukayendera zitolokosi za ena mwakufuna kwake. Mwana wanu akanena za mayi ameneyu bwinobwino, holo yonse ikhala chete, ndikukuuzani.

Chaka chomwecho cha 1993, pa 14 Juni, kunali riferendamu ija ya nyali ndi tambala wakuda, ndipo chisankho choyamba cha matipate pa 17 Meyi 1994 amene anachiyendetsa ngati wapampando wa bungwe la zisankho anali mayi, Jaji Anastasia Msosa. Dziko linali pa moto nthawi imeneyo, chinthu chaching'ono chikanatha kuyatsa nkhondo, koma chisankho chinayenda, zotsatira zinalandiridwa. Mayi yemweyo anadzakhala mkulu wa majaji onse mu 2013, woyamba wachizimayi. Catherine Gotani Hara naye anakhala sipikala woyamba wachizimayi mu 2019.

Koma ndisapitirire ndi za maudindo, ndikufuna tibwerere kaye kumbuyo kwenikweni, chifukwa funso la mwana wanu lili ndi ganizo lobisika loti utsogoleri wa azimayi unabwera ndi sukulu kapena ndi mabungwe a jenda. Ayi ndithu. M'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, chakufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, kuli malo otchedwa Msinja. Kumeneko kunali kachisi wa mvula wa Achewa, ndipo mwini wake anali mayi, Makewana. Sikuti linali dzina la munthu mmodzi, unali udindo, wina akamwalira ankalowa wina. Mvula ikavuta mafumu ankatumiza nsembe kwa Makewana, ngakhale mafumu akuluakulu akutali ngati Undi, ndipo iye anali ndi omuthandiza ake achizimayi otchedwa matsano, ndi ng'oma yake yopatulika ya mbiriwiri. Kwa anthu odalira khasu, amene wagwira nkhani ya mvula ndiye wagwira moyo wa dziko. Kachisiyu anadzasokonezeka ndi nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800, koma malowo alipo ndipo anthu a kumeneko akuwadziwa.

Mu ufumu wa Maravi namonso Kalonga sankangodzuka n'kukhala Kalonga. Ufumu unkadutsira kwa mayi, Nyangu, ndipo wolowa ufumu ankachokera m'mimba ya Nyangu. Panalinso Mwali, mkazi wa Kalonga wochokera kwa a Banda, amene anali ndi mawu pa zachipembedzo ku Mankhamba. Mpaka lero kumudzi kwanu ngati ndinu Achewa mukudziwa kuti ufumu ukafuna munthu, amene amakhala pansi kusankha ndi azimayi akuluakulu a mbumba, ndipo ana ndi a kwa mayi. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino, kunali miyambo ina yozunza atsikana ndipo ina ikadalipo. Koma mwana wanu adziwe kuti akamayimirira pagulu sakubwereka khalidwe lachilendo, agogo ake anayimirirapo kale.

Pa nkhani ya miyambo yozunzayo ndi pamene pakubwera Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza. Mayi ameneyu anagwira ntchito ya usekilitale pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27, kenako mu 2003 anaitanidwa kwawo kuti akalowe ufumu. Atafika anapeza tiana ta zaka 12, 13 tili ndi makanda kumbuyo, tili pabanja. Sanapite kukachita wekishopu kuhotela, anaitana mafumu ake aang'ono n'kuwasainitsa pangano loti m'dera lake ukwati wa ana watha, ndipo mfumu imene inalekerera ankayiimitsa paudindo mpaka ukwatiwo uthe ndipo mwana abwerere kusukulu. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800. Makolo ena ankamuda chifukwa anali atadya kale za eni, ena ankamuopseza, iye osabwerera m'mbuyo. Kuti mumvetse kukula kwa vutoli, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa azimayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti potsekeke pomwe panali mpata woti makolo avomereze mwana wa zaka 15. Atsikana enieniwo nawonso anamenya nawo nkhondo imeneyi, monga Memory Banda amene anayamba kulankhula za nkhaniyi akadali wachichepere mng'ono wake atakwatiwa ali ndi zaka 11. Ngati mwana wanu lero ali Fomu 3 ndipo palibe malume amene angamukakamize banja popanda kuopa polisi, pali anthu amene anavutikira zimenezo.

Za Joyce Banda ndikudziwa kuti mwanayo azitchula yekha, ndipo akuyenera kutero. Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012 panali anthu amene sankafuna kuti mayiwa alowe ngakhale malamulo ankanena poyera kuti wachiwiri ndiye amalowa, koma pa 7 Epulo analumbira, kukhala mtsogoleri wachiwiri wachizimayi mu Africa pambuyo pa Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia. Ine ndimaona kuti ntchito yawo yaikulu inayamba kale asanalowe ndale, pamene anayambitsa bungwe la amayi ochita bizinesi la NABW chakuma 1990, nthawi imene mayi kupeza ngongole kubanki kunali kovuta kwambiri, komanso ali nduna yoona za amayi pamene ankalimbikira lamulo loletsa nkhanza za m'banja lomwe linadutsa mu 2006. Mwanayo akonzekere kuti anyamata ena akuwa kuti "Cashgate!" kapena kuti kwacha inagwa nthawi yawo. Asakane, zinachitikadi, kwacha inagwetsedwa mu 2012 ndipo kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill kunaululika mu 2013 iwo ali pampando. Ayankhe kuti mtsogoleri aliyense timamuyeza pa zabwino ndi zolakwika zake, ndipo azibambo amene alamulira dziko lino akalakwitsa palibe amene amanena kuti basi amuna onse alephera. Zimenezi zimandinyansa kwambiri ine, mayi mmodzi akapunthwa akuti azimayi nonse mwaonekera.

Tsopano funso lanu lachiwiri, loti akunja awasiye kapena ayi. Asawasiye achemwali, paja akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma asankhe okhawo amene ntchito yawo inafika pakhomo panu, ndipo alipo, kungoti sitiwadziwa mayina.

Mwana wanu anadwalapo malungo, munapita naye kuchipatala, anamubaya chala, n'kumupatsa LA kuti amwe m'mawa ndi madzulo masiku atatu. Mphamvu ya mankhwala amenewo inachokera m'manja mwa mayi wa ku China, Tu Youyou. Nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam asilikali ankafa ndi malungo chifukwa kolorokwini anali atasiya kugwira, nde boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi mu 1967 yosaka mankhwala atsopano, ndipo mu 1969 mayiyu anapatsidwa gulu loti alitsogolere. Anasiya ana ake awiri aang'ono m'manja mwa ena, iye ndi anzake n'kufufuza njira zoposa 2,000 za mankhwala azitsamba zolembedwa m'mabuku akale a kwawo. Chitsamba china chotchedwa qinghao chinkaoneka ngati chikugwira koma mawa lake osagwira, mpaka anawerenga buku lina la zaka zoposa 1,600 zapitazo lonena kuti chitsambacho azichinyika m'madzi ozizira n'kufinya, apo ndi pamene anazindikira kuti kuwiritsa ndi kumene kumapha mphamvu yake. Atasintha njira zinatheka mu 1971, ndipo asanapatse odwala anayamba wamwa yekha ndi anzake kuti aone ngati si poizoni. Kuno ku Malawi tinasiya kolorokwini mu 1993 n'kuyamba Fansidar, kenako mu 2007 tinayamba LA. Mayiyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015 ali ndi zaka 84, patapita zaka zoposa 40 dzina lake lisakudziwika. Tawerengani ana a pa mdadada wanu okha amene anatentha thupi usiku n'kuchira ndi LA. Apa ndichenjezeko pang'ono, nkhaniyi sikutanthauza kuti tizithyola masamba n'kumamwa tikamva malungo, zinatenga zaka za kafukufuku kuti apeze mlingo woyenera, malungo ndi kuchipatala basi.

Fansidar yemweyo, amene munkamwa kusikelo muli oyembekezera namwino akukuyang'anani kuti mumezedi, ali ndi mankhwala mkati mwake amene anapangidwa ndi gulu la mayi wa ku America, Gertrude Elion, pamodzi ndi mnzake George Hitchings. Bactrim amene aliyense amamudziwa nayenso gawo lake limodzi linachokera kwa anthu omwewa. Mayiyu atamaliza sukulu malabu ambiri ankamukana ntchito chifukwa choti ndi mkazi, mpaka anagwirako ntchito yoyeza zakudya pa kampani ina, koma mu 1988 analandira Nobel. Ndipo kachilombo ka HIV, kamene kanatimalizira abale m'zaka za m'ma 1990 tisanayambe kulandira ma ARV aulere mu 2004, amene anakapeza mu labu ku Paris mu 1983 ndi mayi, Françoise Barré-Sinoussi, ndi anzake. Popanda kukadziwa kachilomboko sipakanakhala kuyezetsa magazi, sipakanakhala mankhwala.

Wina amene ndimamukonda ndi Virginia Apgar, dokotala wa ku America. Ngati munachirira ku Bwaila kapena chipatala china chilichonse, mwana atangobadwa azamba anamuyang'ana msangamsanga zinthu zisanu, kugunda kwa mtima, kupuma, mtundu wa khungu, kulimba kwa thupi ndi mmene akuchitira akamukhudza, n'kumupatsa malikisi pa 10, pakatha mphindi imodzi komanso pakatha mphindi zisanu. Njira imeneyi anayikonza ndi mayiyu mu 1952. Isanabwere, khanda lobadwa lofooka nthawi zina ankangoliika pambali poganiza kuti silikhala moyo, koma njira yake inapangitsa kuti aliyense m'chipinda chochiriramo adziwe nthawi yomweyo kuti mwana uyu akufunika thandizo pompano. Sifuna magetsi, sifuna makina, ndi maso ndi manja a mzamba basi, n'chifukwa chake imagwira ntchito olo pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Mukapeza mapepala a kuchipatala a nthawi imene mwana wanuyo anabadwa, mwina muona manambala awiriwo, mumuonetse.

Marie Curie amene wamupeza kale pa Google ndi woyeneradi, Nobel kawiri, 1903 ndi 1911, ndipo ntchito yake ndi imene inatsegula njira yochizira khansa ndi cheza. Florence Nightingale naye anamwino athu amamukumbukira pa 12 Meyi chaka chilichonse. Koma awa aliyense awatchula, nde angowadutsa mwachangu.

Mu Africa muno ndingamusankhire Wangari Maathai wa ku Kenya, chifukwa nkhondo yake ndi yomwe tili nayo ife a ku Lilongwe. M'mawa uliwonse timakumana ndi njinga zodzaza matumba a makala zikulowa m'tauni, ambiri ochokera ku Dzalanyama komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa, ndipo tonse timagula chifukwa magetsi ndi osadalirika komanso gasi ndi wodula. Mayi Maathai anaona zomwezi kwawo, azimayi akuyenda mitunda kusaka nkhuni, akasupe akuuma, nde mu 1977 anayambitsa gulu la Green Belt Movement, azimayi a kumudzi kumafesa mbewu za mitengo m'manazale awo n'kumalandira kangachepe mtengo ukaphuka. Pofika 2004 pamene ankalandira Nobel ya mtendere, mayi woyamba wa mu Africa kuilandira, anali atabzala mitengo yoposa 30 miliyoni. Ndipo sizinali zophweka, mu 1989 anakana kuti boma la Pulezidenti Moi limange chinyumba chachitali mu Uhuru Park ku Nairobi, anamutukwana mu palamenti, pambuyo pake anamenyedwapo ndi kumangidwapo, koma paki ija ilipo mpaka lero.

Ena ndingowatchula kuti akafuna akawasake. Mbuya Nehanda wa ku Zimbabwe amene ananyongedwa ndi atsamunda mu 1898, Yaa Asantewaa wa ku Ghana amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angerezi mu 1900, ndi azimayi pafupifupi 20,000 a ku South Africa amene pa 9 Ogasiti 1956 anayenda kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukana mapasi, a Lilian Ngoyi ndi anzawo ali patsogolo. Ndipo ngati akufuna kuti anzake a mpira atchere khutu, atchule Temwa Chawinga amene mu 2024 anagoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya azimayi ya ku America n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa, ndi mkulu wake Tabitha.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mumuuze inuyo ngati mayi ake, osati ine. Munthawi ya Kamuzu azimayi ankatchedwa mbumba, ankavala zitenje za nkhope yake n'kumavina pa misonkhano, ndipo kuyambira 1973 lamulo linkaletsa mayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi mpaka linachotsedwa nthawi ya kusintha kwa ndale. Ena mwa amayi athu ankavina mokondwa, ena mokakamizidwa, ndipo mpaka lero pa misonkhano ya zipani zonse azimayi ndi amene amadzaza bwalo ndi nyimbo pamene pa mipando ya kutsogolo pali azibambo ambiri. Mu Januwale 2012 konkuno ku Lilongwe mavenda ena anavula azimayi ovala mabuluku m'tauni, azimayi n'kukwiya, kuchita msonkhano waukulu ku Blantyre atavala mabuluku omwewo. Mwana wa Fomu 3 zimenezi sanazione, ndipo sazipeza mosavuta pa intaneti. Mukhale naye pansi mumuuze zimene inu munaona, ndipo ngati agogo ake akadali moyo apite ndi foni akawajambule mawu, awafunse kuti mu 1993 anavota bwanji, anaima pa mzere nthawi yaitali bwanji, ankaopa chani, nanga sukulu anasiyira kalasi yanji ndipo chifukwa chake chinali chani. Zimene atamve kumeneko aikemo ndime imodzi m'mawu ake.

Pa kakonzedwe, poti nthawi yolankhula kusukulu imakhala yochepa, asadzaze mayina 20 ngati akuitana rejisitala, anthu amatopa. Asankhe anayi kapena asanu. Ndikanakhala ine ndikanatenga Rose Chibambo, Vera Chirwa, Inkosi Kachindamoto ndi Tu Youyou, n'kutchulako Makewana poyambirira kuti anthu adziwe kuti nkhaniyi ndi yakale. Pa aliyense anene zitatu, vuto limene analipeza, chimene anachita, ndi chimene chinamugwera. K200 ija apite nayo, ayikweze m'mwamba afunse holo yonse kuti uyu ndani, komanso paketi yopanda kanthu ya LA ngati ilipo pakhomo. Zaka azilembe pa kapepala kuti asasokoneze 1959 ndi 1964, chifukwa aphunzitsi a histore amagwira pomwepo. Loweruka lina mupite naye ku National Library ku City Centre akafunse mabuku a mbiri ya Malawi, asamangodalira foni, zambiri za pa Facebook zimakhala zosakaniza zaka ndi mayina. Akamaliza kulemba munditumizire pa imelo yomweyi ndimuwerengere lisanafike tsikulo.